Kaseti ya feki ndi ngongole yanga ya 2007

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, ngakhale ena mwa inu pano muli ndi imvi kuposa ine. Ndakhala chete nthawi yaitali, pepani. Mu Disembala 2024 tinasamuka nyumba, ndipo nkhani ya lero inatuluka m'katoni ina pa tsiku losamukalo.

Mphunzitsi aliyense ali ndi dirowa ija. Musakane, ndikukudziwani. Ndikunena dirowa yomwe timaponyamo zinthu zolanda kwa ana: makalata achibwenzi, makadi a juga, timawailesi, masiku ano mafoni. Timalanda ndi mtima wabwino, n'kunena kuti "udzatenga potsekera sukulu." Zambiri timabwezadi, koma zina zimatsalira. Mayi a kunyumba ankafufuza m'katoni ya mapepala akale a mayeso kuti apeze oyatsira mbaula, ndiye anatulutsa envulopu ya khaki yolemera. M'kati mwake munali Game Boy Advance ndi timakaseti take titatu, tomwe ena amati ma cartridge. Pa envulopupo panali dzina la mnyamata, kalasi yake Fomu 2B, ndi deti la mu Malichi 2007. Zolembazo zinali za dzanja langa.

Ndinamukumbukira nthawi yomweyo. Unali usiku wa prep, ine ndili pa duty. Game Boy Advance yoyamba ija, yomwe kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa mu 2001, ilibe nyale mu sikirini yake. Kuti uone chilichonse umayenera kuipendeketsa kuti kuwala kugwerepo. Ndiye mnyamatayo anali atatsegula buku la Physical Science, kamakinako atakabisa pakati, koma thupi lonse litapindikira ku babu ngati mpendadzuwa. Palibe mwana amene amawerenga za ma lever atapindika chotero. Ndinangofika n'kutambasula dzanja. Iye anati, "Aphunzitsi, chonde ndiseve kaye." Sindinamve zomwe amatanthauza. Ndinazimitsa ndekha n'kuika m'thumba la jekete.

Anabwera ku staff room kawiri. Ulendo woyamba ndinamuuza kuti adikire potsekera. Ulendo wachiwiri linali tsiku lotsekeralo, ine nditakwiririka m'mapepala ochonga, ndipo ndinati "ubwere mawa," pomwe mawa lakelo ana onse anali atakwera mabasi. Teremu yotsatira sanabwerenso, nanenso sindinamuitane. Atalemba JCE anasamukira kusukulu ina, ine mu 2008 ananditumiza boma lina, envulopu n'kulowa m'katoni. Yakhala ikusamuka nane nyumba zinayi.

Kumupeza sikunavute. Ndinangofunsa pa gulu la WhatsApp la ana akale, tsiku lisanathe nambala yake ndili nayo. Koma sindinaimbe. Ndinaona kuti kubweza chinthu chakufa patatha zaka 17 kuli ngati kumunyoza kachiwiri. Ndinaganiza zoyamba ndakonza. Madzulo ambiri a Januwale 2025 ndinathera pa tebulo lodyera, ndikuwerenga ndi kuyesa, ndipo zomwe ndinaphunzirazo ndazilemba pano chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi timakaseti totere tomwe munatitaya mtima.

Lamulo lomwe ndinatsata ndi lomwe lija ndinkakuvutitsani nalo mu labu: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kenako yesani. Gemu ikakana kuyaka, oganiziridwa amakhala atatu. Pali makinawo, pali pomwe kaseti imagundana ndi makina, ndiye pali zam'kati mwa kasetiyo. Ukayamba kugwiragwira zonse pamodzi, ngakhale iyake sudziwa chomwe chachiritsa, ndipo mawa ikafanso umayambira pa ziro.

Ndinayamba ndi makina. Nditatsegula kuseri ndinapeza mabatire awiri a AA omwe ndinawasiya momwemo mu 2007, atatuluka zoyera ngati mchere. Anali a alkaline. M'kati mwa mabatire otere muli potassium hydroxide, amene ndi base, ndipo akadontha n'kukumana ndi mpweya amauma n'kusanduka potassium carbonate. Amene munkamvetsera ku Fomu 3 mankhwala ake mukuwadziwa kale: asidi wofooka. Ndinanyowetsa thonje ndi viniga wa kukhitchini, n'kupukuta tizitsulo togunda batire mpaka thovu litasiya, kenako n'kupukutanso ndi sipiriti ndi kuumitsa. Nditaika mabatire atsopano, kanyale ka pakona kankangophethira, pena kubiriwira pena kufiira. Limeneli ndi vuto lodziwika pa makina amenewa, fumbi limadzaza mu switch yoyatsira. Ndinachotsa mabatire, n'kudonthezamo sipiriti pang'ono, n'kuikankha uku ndi uku kambirimbiri. Itauma, kanyale kanakhazikika pa mtundu wobiriwira, mawu oti GAME BOY n'kutuluka pa sikirini ndi kaphokoso kake kaja. Mayi a kunyumba anasuzumira kuchokera kukhitchini n'kufunsa ngati ndapenga.

Apa ndifotokoze chinthu chimodzi chomwe chimathandiza kwambiri pofufuza vuto. Mukayatsa, mawu oti GAME BOY amachokera m'makina momwemo, koma dzina loti Nintendo lomwe limaoneka m'munsi mwake limawerengedwa kuchokera mu kaseti. Makina amalifanizira ndi lomwe ali nalo, ndipo likasiyana ngakhale pang'ono amakana kupitirira. Nintendo inachita dala zimenezi kuyambira pa Game Boy yoyamba ya 1989, kuti aliyense wopanga kaseti popanda chilolezo akakamizike kukopera chizindikiro chawo, iwo apeze pomugwirira kukhoti. Opanga feki sanaope, amakopera basi. Koma kwa ife okonza, dzina limeneli lili ngati thermometer. Likasowa, makina sakuiona kasetiyo n'komwe. Likatuluka lophwanyikaphwanyika, akuiona koma mawu akusokonekera panjira. Likatuluka bwinobwino koma gemu osayamba, vuto nthawi zambiri lili m'kati mwa kaseti.

Kaseti yoyamba inali ya Tetris, yotuwa, yaikulu kuposa zinzake, ya Game Boy yakale ija. Gemu imeneyi anaipeka Alexey Pajitnov ku Soviet Union, ndipo pa Game Boy inatuluka mu 1989. Iyi inali orijino. Nditailowetsa, dzina la Nintendo linatuluka ngati nyerere zamwazikana. Dzanja linathamangira kukamwa kuti ndiuzire, monga tonse tinkachitira ndi makaseti a magemu a pa TV aja. Musamauzire. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo chinyezi chimabweretsa dzimbiri. Chomwe chinkathandiza masiku amenewo kunali kutulutsa ndi kulowetsanso, komwe kumapala litsiro pang'ono. Kumunsi kwa kaseti kuli timano tachitsulo 32. Ndinakulunga thonje pa kamtengo ka machesi, n'kuviika mu sipiriti, n'kupukuta timanoto mpaka thonje litasiya kuda. Isopropyl alcohol ndiye woyenera kwenikweni, koma sipiriti wamba amagwiranso ntchito bola mudikire aume. Nditayesanso, Tetris inayaka ngati inagona dzulo lomweli.

Ndinatsala pang'ono kunena kuti makina ali bwino, koma ndinadzigwira. Makaseti a Game Boy yakale amayendera ma volt 5, pomwe a Game Boy Advance amayendera ma volt 3.3. M'kati mwa polowetsera muli ka switch kakang'ono. Kaseti yakale ikalowa imakakankha, pomwe ya Advance ili ndi kamphako m'mbali kotero kuti siikakhudza. Ndiye kuyaka kwa Tetris kunangonditsimikizira mbali imodzi ya makinawo. Ndinafunika kaseti ya Advance yoti iyake kuti ndikhulupirire mbali inayo.

Yachiwiri inali ya zija zolembedwa kuti magemu ambirimbiri mu kaseti imodzi. Iyi inkati 120 in 1. Pamenepo palibe chofufuza, ndi feki yosabisa. Ndinaipukuta timano monga poyamba, koma dzina la Nintendo linkabwera ulendo wina, ulendo wina osabwera. Ndinaona kuti ndikaikankhira mbali imodzi ndi chala poyatsa, imagwira. Nditaitsegula ndinapeza chifukwa chake. Kabolodi ka m'kati kanali kopyapyala, ndipo kankagwedera m'chikutiro chake ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake. Timano ta m'makina timafuna kabolodi kokhuthala bwino kuti tikagwire zolimba. Ndinamata zidutswa ziwiri za masking tape kuseri kwa kabolodiko, kumbali yopanda timano, n'kutseka. Kuyambira pamenepo sinakanenso. Ndinakhala pansi n'kuwerenga magemu 120 aja mmodzimmodzi, ndipo enieni osiyana anali 14. Otsalawo anali omwewo atasinthidwa maina, monga amachitira ana ena akamakopera homework.

Tsopano makina ndinawakhulupirira mbali zonse ziwiri. Inatsala yachitatu, yomwe inali m'makinamo usiku umene ndinalanda: Pokémon Emerald. Kwa aphunzitsi anzanga amene simunaseweretsepo, iyi si gemu yongosewera mphindi khumi n'kuiwala. Umayenda m'dziko lotchedwa Hoenn, kugwira tizilombo, kutilera ndi kutiphunzitsa kumenya nkhondo, n'kumapambana mabaji asanu ndi atatu mmodzimmodzi, kenako n'kukakumana ndi akatswiri anayi otchedwa Elite Four. Zimatenga maola makumimakumi. Zonse zomwe wachita zimasungidwa mu kasetimo ukasankha kuseva. Ndi pomwe ndinamvetsa zomwe mwana uja ankapempha.

Gemu imeneyi inatuluka ku Japan mu 2004, ndipo maiko ena inafika mu 2005. Kaseti yake ya orijino ndi yobiriwira yoonekera m'kati, pepala la pamwamba ndi lonyezimira, ndipo papepalapo pamakhala manambala awiri odinda mokanikiza, omwe umawaona ukapendeketsa pa kuwala. Ukasuzumira pamwamba pa timano umaona dzina la Nintendo ndi chaka zitalembedwa pa kabolodi. Ka screw kake ndi ka mano atatu ngati chilembo Y. Ya mnyamata wathuyi inali yobiriwira ndithu, koma pepala lake linali lozimiririka lopanda manambala odinda, kuseri kunalembedwa Nintondo, ndipo ka screw kanali ka mtanda wamba. Feki zina zimakhalanso ndi screw ya Y, choncho chizindikiro chimodzi chokha musamachidalire. Koma apa zonse zinkaloza kumodzi.

Nditapukuta timano, dzina la Nintendo linatuluka loyera bwino, kenako sikirini n'kungoyera mbee, osapitirira. Ndinayesa kasanu, chimodzimodzi. Ndinaitsegula. M'kati munali chip yaikulu ya miyendo yambiri yomwe imasunga gemuyo, chip ina yaing'ono, kadontho kakuda kouma ngati phula komwe opanga zotchipa amabisamo chip yopanda chikutiro, ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Ndisanagwire china chilichonse ndinatenga mita yoyezera magetsi n'kuyeza kabatireko. Katsopano kamapereka ma volt 3. Aka kanaonetsa 0.2. Ndinakhala kaye phee, chifukwa ndinali nditawerenga kale tanthauzo lake.

Kusiyana kwake ndi uku. Emerald ya orijino imasunga zomwe waseva mu flash memory, mtundu womwewo wa memory umene uli m'ma flash omwe timasungiramo mayeso, umene susowa magetsi kuti ukumbukire. Ilinso ndi kabatire ka CR1616, koma ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi ya m'gemu basi. Kakatha, gemu imakuuza kuti batire la m'kati lauma, zipatso zomwe wadzala m'gemumo zimasiya kukula, koma ulendo wako wonse umakhalapobe. Opanga feki a zaka zimenezo ankaona kuti chip ya flash ndi wotchi n'zodula. Ankasintha gemuyo kuti izisevera mu SRAM, memory yomwe imakumbukira pokhapokha ikulandira magetsi, n'kuimangirira kabatire kotchipa. Njira imeneyi si yachilendo, ndi yomwe Nintendo yeniyeni inkagwiritsa ntchito pa Pokémon Red ndi Blue za m'ma 1990. Koma zikutanthauza kuti tsiku lomwe batire latsika kwambiri, zonse zimafufutika ngati bolodi lomwe monitala wapukuta. Kaseti ija ikanakhala orijino, ikanatha kugona m'katoni mwanga zaka zonsezi n'kudzuka ikukumbukira. Popeza inali feki, inali ndi nthawi yowerengeka, ndipo nthawiyo inathera m'manja mwanga.

Komabe gemuyo inayenera kuyaka. Kabolodi aka sikankagwedera, koma ndinayesabe masking tape kuti ndichotse chikaiko. Palibe chinasintha, ndiye ndinaimatula. Kenako ndinapinda kapepala n'kukaika pamwamba pa chip yaikulu ija, kuti ndikatseka chikutiro chiziikanikiza. Nditayatsa, nyimbo inalira, zithunzi n'kuyamba kuyenda, kenako patapita masekondi ochepa n'kuumanso. Chimenecho chinali chizindikiro chokwanira. Ngati kukanikiza kukusintha zinthu, ndiye kuti pali mwendo womwe wachoka pa mtovu wake. Ndinabwereka hand lens ya ku labu ya Biology, n'kutenga singano ya mayi a kunyumba, n'kumakankha miyendo ya chip umodziumodzi mofatsa. Iwiri ya pakona inagwedezeka. Zinandimvekera. Dzina la Nintendo limakhala koyambirira kwenikweni kwa chip, pomwe gemu yonse ndi ma megabyte 16. Makina ankatha kuwerenga tsamba loyamba, koma akafuna za kutsogolo ankatsegula masamba olakwika.

Chowotcherera changa ndi chachikulu, cha mawailesi akale. Ndinapita nacho pamodzi ndi kasetiyo kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika, amenenso anadutsa m'kalasi mwanga, ndipo ndikukumbukira bwino kuti Physical Science anaithawa atangofika Fomu 3. Anayang'ana chitsulo changacho n'kuseka. "Aphunzitsi, ichi n'chomatira mapoto. Khalani apa muone." Anapaka flux pa miyendo ya chip, n'kudutsitsa kansonga kakang'ono ka chowotcherera chake mzere wonse, n'kuyang'ana pa galasi, n'kupukuta ndi sipiriti. Sizinakwane mphindi zisanu. Ndalama anakana, ndiye ndinamugulira Fanta. Ndikubwerera kunyumba ndinadzifunsa kuti kodi mwana wa manja otere tinamutaya bwanji m'kalasi ya sayansi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Madzulo amenewo gemu inayaka mpaka pa menu. Mtima unkadziwa kale, komabe maso anafunafuna. Gemu ikakhala ndi zosevedwa, pamwamba pamalembedwa CONTINUE, ndi dzina la wosewera, maola omwe wasewera ndi mabaji ake. Apa panali NEW GAME ndi OPTION basi.

Chinatsala ndi batire. Njira yabwino ndi kugula kabatire kokhala kale ndi timapiko tachitsulo towotcherera pa bolodi. Musamawotche batire lenilenilo ndi chitsulo chamoto, limatha kuphulika. Ine totero sindinatipeze, ndiye ndinachita njira ya amphawi. Ndinakanganula timapiko ta batire lakale ndi kampeni, n'kulowetsa pakati pake latsopano lomwe ndinagula kwa okonza mawotchi, nditaonetsetsa mbali ya + kuti yaloza koyenera, n'kukulunga zolimba ndi tepi yakuda ya magetsi. Imagwira ntchito, koma kaseti ikagwa pansi batire likhoza kusuntha, zonse n'kufufutikanso.

Kuti ndiyese ndinayenera kuyamba gemu yatsopano. Inandifunsa dzina. Ndinayamba kulemba APHUNZITSI, koma malo ake ndi a zilembo 7 zokha, ndiye linathera pa APHUNZI. Gemuyo imayamba mwana ali kumbuyo kwa lole yosamutsa katundu, banja lake likusamukira ku Littleroot Town, ndipo ine nditazunguliridwa ndi makatoni osamasula ndinaseka ndekha. Ndinaseva, n'kuzimitsa, n'kutulutsa kaseti, n'kudikira mphindi khumi. CONTINUE inalipo. Ndinaisiya usiku wonse, m'mawa inalipobe. Patatha sabata, chimodzimodzi.

Kwa amene muli ndi makaseti anu, mwachidule ndi izi:

Yambani mwatsimikiza kuti makina ali bwino, poyesa kaseti ina ya mtundu womwewo yomwe mukudziwa kuti imagwira.

Dzina la Nintendo likasowa kapena kuphwanyika, pukutani timano ndi sipiriti. Likamabwera pokhapokha mwakankha kaseti, onani ngati kabolodi kakugwedera.

Dzina likatuluka bwino koma gemu n'kumauma, yang'anani miyendo ya chip. Ngati vuto lili pansi pa kadontho kakuda kaja, palibe chomwe mungachite kunyumba.

Mukatsegula kaseti ya batire, yezani batire musanachite china chilichonse. Ngati lidakali ndi moyo ndipo zomwe zili m'katimo mukuzifuna, musalichotse, chifukwa mukangolichotsa zonse zapita. Pali tizipangizo monga GBxCart RW tomwe timakopera zosevedwa kupita pa kompyuta, ndipo kukoperako kuyambe, batire lisinthidwe pambuyo.

Feki zambiri zatsopano zilibe batire. Zimalemba zosevedwa mu chip yomweyo yomwe muli gemu, n'chifukwa chake mukaseva zimaima kwa masekondi angapo ngati zafa. Musazimitse nthawi imeneyo, mukhoza kuononga zonse.

Nditatsimikiza kuti zonse zikuyenda, ndinaimba foni. Ndinadzitchula dzina, iye n'kukhala chete pang'ono, kenako anati, "Aphunzitsi a Physical Science?" Nditamuuza chomwe ndapeza anaseka nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kukaikira ngati kunali kuseka kokha. Anabwera pa tchuthi cha Pasaka kuchokera ku Lilongwe komwe amagwira ntchito, atatenga mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu. Pa khonde ndinasowa pogwira, munthu wandevu, wa banja lake. Ndinati, "Takulandirani bambo, khalani pa mpando." Iye anakhala pa sitepe n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine ndi iwe yemwe uja."

Titamwa tiyi ndinamupatsa envulopu yomwe ija. Anaitembenuza Game Boy m'manja, n'kundionetsa pakona pomwe panaphwanyika pang'ono, akuti inagwa pa bedi lam'mwamba ku hostel. Kenako anandiuza zomwe sindinkadziwa. Bambo ake nthawi imeneyo ankagwira ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ku Johannesburg. Anaigula yogwiritsidwa kale ntchito pamsika wa kumeneko, makaseti n'kugula padera, n'kutumiza kudzera kwa munthu wa pa basi ngati mphatso yoti wasankhidwa kupita ku sekondale. Za feki ndi orijino iwo sankazidziwa, anangoona kuti ana a abwana awo amasewera zomwezo. Atabwera kumudzi pa Khirisimasi ya 2007 anafunsa kuti chidole chija chili kuti. Mnyamatayo anaopa kunena kuti anagwidwa akusewera nthawi ya prep, ndiye anati anamubera ku hostel. Bambo akewo sanakalipe. Anangoti, "Ndiye kuti sudziwa kusamala zinthu," ndipo kuyambira pamenepo ankangotumiza fizi ndi sopo.

Ndinamuuza zoona zake za batire, kuti zomwe anaseva zinafera m'katoni mwanga, ndipo ndinapepesa. Anati anali ndi mabaji asanu ndi awiri, kutatsala limodzi, ndipo usiku umenewo anali atangogwira kachilombo komwe anakasaka sabata yathunthu. Pofuna kudzipepukitsa ndinatchula chinthu china chomwe ndinawerenga, chakuti makaseti ambiri a feki a Pokémon amataya zosevedwa munthu akangogonjetsa Elite Four, chifukwa memory yomwe anaikamo ndi yochepa poyerekeza ndi yomwe gemuyo imafuna. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye mukuti munandithandiza, aphunzitsi?" Tinaseka tonse, koma ndinamva manyazi, chifukwa ndi zomwe ndinkayesa kunenadi.

Kulandako sindikudandaula nako. Mwana akamasewera gemu nthawi ya prep, mphunzitsi amene ali pa duty ayenera kulanda, ndipo iyenso anavomera kuti akanakhala ine akanachita chimodzimodzi. Cholakwa changa chinali "ubwere mawa" uja. Chilango chomwe ndinalengeza chinali cha milungu itatu, koma chomwe analandira chinali cha zaka 18, ndiponso bodza lomwe linakhala pakati pa iye ndi bambo ake nthawi yonseyi.

Mwana wake anaitenga Game Boy ija n'kuyamba kudina sikirini ndi chala ngati foni, kenako n'kudandaula kuti ndi yakuda, sakuona kanthu. Bambo ake anamukhazika pa dzuwa n'kumuonetsa kapendeketsedwe kake, thupi litapindika ndendende ngati usiku uja. Ndinawauza kuti gemuyo imasunga ulendo umodzi wokha, choncho afufute wanga ayambe wawo. Iye anakana, anati mwanayo apitirize pomwe ndinasiyira. Moti pano ku Lilongwe kuli kamtsikana komwe kakuyendetsa munthu wotchedwa APHUNZI m'tchire la Hoenn, ndipo uthenga womaliza womwe ndinalandira unati ali ndi mabaji awiri. Anatinso akapita kumudzi ku Ntcheu akaitenga kuti akawaonetse bambo ake, omwe anabwerera kwawo kalekale, n'kuwauza komwe inali.

Aphunzitsi anzanga, tsegulani madirowa anu sabata ino. Mukalanda chinthu, lembani dzina ndi tsiku lobweza m'buku lomwe mumaliona tsiku lililonse, osati pa envulopu yokha ngati ine. Ngati chili ndi mabatire ochotseka, achotseni. Foni musaigoneke miyezi, batire lake limafufuma. Ndipo mwana akati "ndiseve kaye," mpatseni mphindi imodziyo.

Inu ana anga akale, m'katoni muja mwatsala wotchi ya Casio yakuda yopanda lamba, ndi kawailesi kofiira komwe mlongoti wake unathyoka. Izi sindinalembepo maina. Mwini wake andiuze chaka ndi kalasi, sindifunsa mafunso ena.